Ndani anaionapo ndi maso ndalama ya nkhunda ya ku Griqua Town?

Chikondi_Kimberley

Abale osonkhanitsa ndalama zakale, ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ntchito kuno ku Kimberley, ku South Africa, ndipo mnzanga wa kuntchito wandiuza kuti banja lina cha ku Griekwastad (dzina lina la Griqua Town) likusunga kandalama kokhala ndi chithunzi cha nkhunda, koma kopanda mutu wa mfumu. Akuti agogo awo ankakasunga m'chitini cha mabatani. Iyeyo sanakaone, anangomva kwa mlamu wake. Chimvereni nkhaniyi mtima suli m'malo, chifukwa ndikuganiza kuti ndi imodzi mwa ndalama zija amishonale a London Missionary Society anapangitsa ku England cha m'ma 1815. Ndakhala ndikulakalaka kungoigwira m'manja, ngakhale ndisaigule. Ndisanawononge ndalama ya thiransipoti, ndiwafunse chiyani eni akewo?

AgogoAMakobidi

Mwana wanga, yambani mwapempha zithunzi za mbali zonse ziwiri, kandalamako katagonekedwa pafupi ndi rula. Yeniyeni mbali imodzi ili ndi nkhunda yotambasula mapiko, itanyamula kanthambi ka azitona kukamwa. Mbali inayo pali mawu akuti GRIQUA TOWN ndi nambala pakati. Zinalipo za mitundu 4: ziwiri za mkuwa zolembedwa ¼ ndi ½, ziwiri za siliva zolembedwa IIIII ndi 10. Imene ndimaikonda ine ndi ya timizere tisanuto, poti sanalembe 5 kapena V, anangondandalika timizere ngati munthu wowerenga ndi zala.

Chofunika kwambiri nachi: pa ndalama zimenezi palibe chaka. Mukaona chaka chilichonse, dziwani kuti si imeneyo.

Mai_Tadala

Agogo anena zoona pa nkhani ya chaka, ndipo mphekesera zambiri zimathera pomwepo. Mu 2015 South African Reserve Bank inatulutsa ndalama ya marandi 5 (R5) yokumbukira zaka 200 za ndalama za Griqua Town. Ili ndi nkhunda yomweyo ndi zaka 1815 ndi 2015, ndipo anthu ankailandira ngati chenji. Ambiri amangoona 1815 ija basi, nkhani n'kuyamba kuyenda kuti kwa auje kuli chuma. Imeneyo siivuta kuizindikira, ndi yazitsulo ziwiri, mkombero wina pakati pena.

Palinso za 1890 zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Zimenezo zinapangidwa ku Germany, sizinachokere kwa amishonale, ngakhale nazonso osonkhanitsa amazifuna.

Chonde achimwene, musatumize kangachepe musanaione. Ndipo muwauze msanga kuti asaikweche. Zimandiwawa ndikaona ndalama yakale itapukutidwa ndi phulusa kapena mankhwala mpaka kung'anima. Kuda kuja n'kumene akatswiri amayang'ana, kukachoka mtengo umatsika.

Nkhoma77

Ine sindikufuna kukugwetsani mphwayi, koma akatswiri mpaka lero amatsutsana ngati ndalamazi zinagwiradi ntchito pogula zinthu. Anthu a ku Griqua Town nthawi imeneyo anazolowera kusinthana katundu ndi katundu, ndipo pa ndalamazo sanalembe n'komwe kuti 10 ameneyo ndi wa chiyani. Ndiye mwayi woti ina inatsalira m'nyumba ya munthu kumeneko ndi wochepa. Ngati mupitabe, tengani maginito ndi kasikelo kakang'ono. Siliva ndi mkuwa sizimata ku maginito. Ikapambana pamenepo, itumizidwe kwa oyesa ndalama monga NGC, osangodalira maso.

Chikondi_Kimberley

Zikomo nonse. A Nkhoma, ndamva, koma ulendowu sindiusiya. Tauniyi poyamba inkatchedwa Klaarwater mpaka 1813 pamene mmishonale John Campbell anafikako, ndipo n'komwe Mary Moffat, mkazi wa David Livingstone, anabadwira mu 1821. Kuli nyumba yosungiramo zakale yotchedwa dzina la Mary Moffat, ndipo ndikufuna ndikafunse kumeneko zomwe mabanja akale amakumbukira za ndalamazi.

Ndamutumizira mnzanga uja mafunso awiri okha kuti awapititse kwa mlamu wake: kodi pali chaka, nanga ndi yachitsulo chimodzi kapena ziwiri? Wayankha kuti eni ake akuti ndi yofiirira, yakuda m'mbali, ndipo nambala yake ili ndi kamzere pakati. Za chaka sananene kanthu. Mai Tadala, uthenga woti asaikweche ndautumiza kale. Zithunzi akuti atumiza Loweruka, zikangofika ndikuonetsani.