Konsati yayandikira koma kwaya yathu ikumatsika mawu, tithandizeni nzeru

alto_waChinamwali:

Moni nonse abale. Ine ndine mlembi wa kwaya ya mdera mwathu kuno ku Chinamwali ku Zomba, si ya mpingo umodzi ayi, tilimo a CCAP, a Katolika, a Anglican, a Seventh Day ndi ena a Pente, tinangogwirizana kuti tiziimba limodzi pa zochitika za mdera. Ndiye takonza konsati kumapeto kwa July mu holo ya pasukulu ina pafupi pompano kuti tipeze ndalama zokonzetsera mjigo wathu womwe unaonongeka, amayi akutunga madzi kutali. Kwatsala masabata sikisi basi.

Mavuto athu ndi awa. Nyimbo tinasankha 14 koma zomwe tingaimbe osayang'ana papepala mwina ndi zisanu. Komanso tikamaimba popanda kiyibodi timayamba bwinobwino koma pofika ndime yachitatu mawu atsika, a masitala akagunda kiyibodi kuti tione pomwe tili umachita kumva wekha kuti tachoka pa kiyi, abesi akungong'ung'udza pansi osamvekanso. Nkhani ya pulakatisi nayo, a Seventh Day Lachisanu madzulo ndi Loweruka sapezeka, enafe Lamulungu tili kutchalitchi, mkati mwa sabata anthu amaweruka mochedwa ndiye nyengo inoyi 5 koloko ikangopitirira pang'ono dzuwa lalowa, azimayi safuna kuyenda mumdima. Pamwamba pa zonsezi chiperoni chabweretsa chimfine, masopulano ambiri akutsokomola. Amene munayendetsapo kwaya chonde tithandizeni, matikiti tayamba kale kugulitsa.

masitala_wopuma:

Mayi, choyamba dulani nyimbo. 14 zachuluka. Tengani zisanu mukuzidziwazo muonjezerepo zitatu kapena zinayi zomwe zatsala pang'ono kupsa, zinazo musunge mudzaimba pa Khirisimasi. Anthu amene agula tikiti sadzawerenga kuti mwaimba zingati, adzakumbukira ngati zinamveka bwino kapena ayi. Mpata wotsalawo itanani kwaya ya ana a sukulu idzaimbe ziwiri, ikanipo ndakatulo imodzi, inunso mupezerapo nthawi yopuma ndi kumwa madzi.

Tsopano za kutsika mawu, ili ndi vuto la kwaya iliyonse yoimba popanda zing'wenyeng'wenye ndipo limatheka kukonza. Kawirikawiri chimayambitsa ndi mpweya. Munthu akafika kumapeto kwa mzere mpweya utamuthera mawu amagwa pang'ono, mzere wotsatira amayambira pomwe wagwerapo, ndiye pang'onopang'ono pofika ndime yachitatu mwatsika nonse osadziwa. Uzani a masitala anu alembe chizindikiro papepala pomwe aliyense azipumira, osati wina apuma apa wina apo. Aziima mowongoka, mapewa asamakwere popuma, mpweya uzidzaza kumimba ndi m'nthitimu. Ndipo musamapange pulakatisi yonse mutakhala pa mabenchi ang'onoang'ono a ana asukulu aja mutapinda msana, mawu sangatuluke.

Kwina komwe kwaya imagwera ndi potsika. Ngati mumaphunzira ndi sol-fa, ija ya d r m f s l t yomwe John Curwen anaifalitsa ku England ndipo kuno inazika mizu kudzera m'sukulu ndi m'matchalitchi a amishoni, yang'anirani bwino pochoka pa fa kupita pa mi, ndi pochoka pa do kutsikira pa ti. Pamenepa mpata wa pakati pa noti ziwirizo ndi wochepa, theka la sitepe chabe, koma oimba ambiri amalumpha mopitirira ndiye basi kiyi yapita. Imbitsani malo amenewa okhaokha mobwerezabwereza, pang'onopang'ono, kiyibodi igunde kenako isiye, aimbe okha, igundenso amve okha ngati akadali pamzere. Chinanso chomwe chimathandiza modabwitsa, yesani kukweza nyimboyo ndi theka la sitepe, ngati mumayambira pa F yesani F sharp. Kwaya yomwe yazolowera kugwa pa kiyi ina nthawi zambiri ikasinthidwa imadzuka. Nyimbo zoimba mochedwa kwambiri nazonso zimatsika msanga, onjezerani liwiro pang'ono.

Za nthawi, musalimbane ndi kusonkhanitsa anthu onse tsiku lililonse. Gawani, masopulano ndi ma alto azikumana paokha pakhomo pa mmodzi wa iwo nthawi yomwe iwakomera, matena ndi abesi chimodzimodzi, kenako Lamulungu 2 koloko masana nonse pamodzi popeza nthawi imeneyo mapemphero atha ndipo a Seventh Day ali omasuka.

besi_wapaNdix:

a masitala mwanena zoona koma ndiikirepo kumbuyo abesi anzanga kkk nthawi zonse mlandu umagwera ife pomwe nthawi zambiri amayamba kutsika ndi masopulano akafika pa noti yokwera ija nkuiopa, ife timangotsatira. komanso mmakwaya ambiri besi amaphunzitsidwa komalizira anthu atatopa kale, mphindi zisanu basi kenako akuti tiyeni tonse pamodzi, ndiye munthu umangopeka zako. yambani ndi abesi tsiku lina muone kusintha kwake

chomwe chinatithandiza ife ndi WhatsApp, masitala amajambula pati iliyonse, kaya ya sopulano, alto, tena kapena besi, payokha pa voice note nkuponya mu gulupu, munthu umamvetsera uli mu minibasi kapena pa geni, pofika tsiku la pulakatisi aliyense akudziwa kale njira yake. amene alibe foni yayikulu amamvera kwa mnzake. ndipo ikani lamulo, amene wajomba mapulakatisi awiri omaliza asakwere pa siteji, kupatula maliro kapena matenda. zikumveka zouma mtima koma amene amasokoneza pa tsikulo ndi omwe amangotulukira atavala kale yunifomu

koma ine ndingati ngati zavuta ingoimbani zonse ndi kiyibodi bwanji, kutsika kuthera pompo

masitala_wopuma:

Achimwene za kuyamba ndi abesi ndagwirizana nazo kwathunthu. Koma za kiyibodi ayi. Kwaya yomwe imatsika ikaimba ndi kiyibodi siisiya kutsika, imangolimbana nayo, ndipo omvera amamva bwino lomwe kuti zinthu ziwirizi zasiyana njira. Nanga magetsi akathima pakati pa nyimbo? Aphunzire kuima paokha, kiyibodi ibwere ngati chokometsera. Nyimbo zachikhalidwe zija zoyenda ndi ng'oma ndi m'manja musaziikenso kiyibodi, zimakoma momwemo.

mayi_nesi_Zomba:

Ine ndiyankhapo za chimfinecho poti ndimaimbanso sopulano. Amene mawu asasa asaumirizidwe kuimba, abwere ndithu ku pulakatisi akhale pansi azimvetsera ndi kutsatira papepala. Asamanong'onenso poganiza kuti akusunga mawu, kunong'ona kumatopetsa kholingo, bola kuyankhula pang'ono mwachizolowezi kapena kungokhala chete. Madzi azimwa ambiri tsiku lonse osati pokwera pa siteji pokha, nyengo yozizirayi anthu samva ludzu ndiye amaiwala. Tiyi wa jinja, mandimu ndi uchi amafewetsa pakhosi inde koma si mankhwala obwezeretsa mawu, chachikulu ndi kupuma. Kufukiza nthunzi ya madzi otentha mutafunda nsalu kumathandiza, bola kusamala osapsa, ndipo ana asachite okha. Utsi wa mbaula ndi wa nkhuni nawonso umakanda pakhosi, tsiku la konsati masopulano anu wina awaphikire.

Musamayambe pulakatisi ndi nyimbo yokwera kwambiri anthu atangofika kuchokera mu mphepo, yambani ndi kung'ung'uza chapansipansi milomo ili yotseka kwa mphindi khumi kenako muzikwera pang'onopang'ono. Tsegulaniko mawindo ngakhale kukuzizira kuti musapatsirane. Koma amene chifuwa chamupitirira masabata awiri, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, ameneyo apite kuchipatala akayezetse makhololo, zisadikire konsati.

sound_man265:

Nkhani yomwe ambiri amaiiwala mpaka tsiku lenilenilo ndi holo. Pemphani a hedi akuloleni kukaimbamo ngakhale kawiri tsiku lisanafike, mutaima momwe mudzaimire, ndi polowera ndi potulukira pomwe, chifukwa kwaya kulowa mosokonekera kumakankhana pa siteji anthu amayamba kuseka musanatsegule pakamwa. Dziwaninso kuti holo ya simenti ndi malata ikakhala yopanda anthu imabweza mawu kwambiri ndiye mumaona ngati mukumveka mwamphamvu, anthu akadzaza mawu aja amamira, ndiye musadzadabwe nkuyamba kukuwa.

Ma maiki musapatse munthu mmodzimmodzi m'manja kupatula wotsogolera nyimbo, apo ayi kudzamveka anthu atatu okha ena onse ngati akungoyasamula. Aikeni pa masitandi kutsogolo motalikirako ndi kukwezeka pang'ono kuti agwire gulu lonse, masipika akhale kutsogolo kwa ma maiki atayang'ana kwa anthu, mukawaika kumbuyo kwa kwaya ndi pomwe pamabwera kulira kuja kwa tswiii. Jenereta ikhalepo ndi mafuta ake ogulidwa kale, iikidwe panja patali ndi zenera chifukwa cha phokoso ndi utsi, ndipo muiyeseretu ndi zida zonse. Komanso popeza mukulipiritsa pakhomo, ngati mu pulogalamu muli nyimbo za oimba ena osati zanu zopeka nokha, funsani a COSOMA omwe amaona za umwini wa nyimbo kuno ku Malawi akuuzeni za chilolezo, kuli bwino kufunsiratu. Amfumu ndi apolisi a mdera lanu adziwitseninso ndi kalata.

alto_waChinamwali:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerengera a komiti ndipo tagwirizana nyimbo 9, za voice note tayamba kale usiku wathawu. Koma pali kena kamene ndinaopa kulemba poyamba. Tili ndi mayi ena achikulire omwe anali nawo poyambitsa kwayayi, sajomba ngakhale tsiku limodzi, zitenje za yunifomu anakatisankhira ndi iwo, amaimba sopulano koma mawu awo ndi amphamvu ndipo amatsika, oyandikana nawo onse amawatsatira. Palibe amene akulimba mtima kuwauza ndipo ine sindikufuna akhumudwe, timawakonda.

masitala_wopuma:

Musawachotse ndipo musawadzudzule pagulu mayi. Nthawi zambiri munthu wamkulu akamatsika pa sopulano ndiye kuti mawu ake anasintha ndi zaka, noti zapamwamba zikumulemera. A masitala awayendere kunyumba, akawauze kuti ku alto kukufunika munthu wokhazikika woti atsikana azitsamira, ndipo zimenezi si bodza ayi. Awajambulire pati ya alto payokha, muwaimike pakati pa anthu awiri amene sagwedezeka pa kiyi, mzere wachiwiri, kutali pang'ono ndi maiki. Mukatero mudzatiuze Lamulungu likubwerali ngati ndime yachitatu ikugwabe, ndipo mutchule nyimbo zomwe zikuvutazo mukuziyambira pa kiyi yanji.