Buku la mtsikana ndi hatchi: ndigule kapena ndisiye?

Mayi wa ku Nchalo: Abale, ndigawireniko nzeru. Dzulo ku Blantyre ndinapeza buku la ana, lachikhristu koma lachingelezi. Likukamba za mtsikana amene makolo ake anamwalira, banja lina n'kumutenga kudzera kukhoti kuti akhale mwana wawo. Pakhomopo akupezapo hatchi yoopa anthu, ndipo awiriwa akuzolowerana pang'onopang'ono. Ndinawerenga masamba atatu chiimirire. Mtengo wake ndi wa nkhuku ziwiri zachikuda. Ndikufuna kugulira mwana wa malemu mng'ono wanga, amene ndakhala naye chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Ali Sitandade 6.

Bambo wa ku Ngabu: Achemwali, hatchi kuchigwa kuno? Mwana wathu amadziwa ng'ombe zapamsika wa Ngabu, mbuzi ndi abulu okoka ngolo. Ine ndi imvi zangazi hatchi ndinaiona kamodzi kokha, paphiri la Zomba. Ndalamayo mugulireni nsapato, mchenga wa Okutobala sukhululukira phazi.

Mphunzitsi wa ku Bangula: Bambo, nanga ngamila anawa anaiona kuti? Komatu ku Sande sukulu amaidziwa bwinobwino. Kavalo, amene ndi hatchi yomweyo, nayenso ali m'Buku Lopatulika, pa Eksodo 15 paja Mose akuimba za kavalo ndi wokwera wake. Amene anaonapo mbidzi ku Majete sangavutike kumuganizira. Changa chodandaula ndi Chingelezicho. Mayi, jambulani tsamba limodzi lapakati pafoni, mwanayo aliwerenge mokweza. Akapunthwa pa mawu oposa asanu, bukulo lingokhala chakudya cha chiswe.

Agogo a ku Nsanje: Mwana wanga, ine mantha anga ali pena. Zotengana ana kukhoti ndi anthu achilendo ndi za kwawoko. Kuno kwa Amang'anja mwana amakhala m'manja mwa mwini mbumba, kwa Asena amapita kuchimuna kumene kunachokera chuma. Iwe ndiwe mayi wake wamkulu, sunamutole panjira. Bukulo lisamupatse maganizo oti iyenso ndi wotoledwa.

Mayi wa ku Nchalo: Agogo, mwakhudza pachilonda penipeni. Maganizo amenewo ali nawo kale. Tikakhala pamphasa kudya, amadikira anzake onse atapeko ndiwo, iye n'kumaliza ndi msuzi. Mvula ikayamba kulira pamalata amakhala tsonga pamphasa mpaka kucha. Mwezi wathawu anaswa kapu, sindinamukalipire n'komwe, koma madzulo anandipeza kukhitchini ndikupakula n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Amayi aakulu, ndikalakwanso mudzandipereka kwa ena?" Chipande chinandigwa m'manja. Ndamuuza kambirimbiri kuti pano ndi pakwawo, amangogwedeza mutu. N'chifukwa chake hatchi ija inandigwira mtima. Mtsikana wa m'bukumo sakuikakamiza, akungobwera tsiku ndi tsiku n'kuima pafupi ndi khola. Mwina mwanayu akamva mantha ake pa nyama, pakamwa pake patseguka.

Mkulu wa mpingo wa ku Chikwawa: Amayi, Mulungu akulimbitseni. Agogo akunena zoona, koma nkhaniyi si yachilendo m'Malemba. Estere analeredwa ndi Moredekai, mbale wake, amene anamutenga ngati mwana wake wamkazi, Estere 2:7. Ameneyo ndi inuyo ndendende. Mose analeredwa ndi mwana wamkazi wa Farao, mlendo weniweni. Ndipo pa Aroma 8:15 tonsefe ndife ana ochita kutengedwa, ofuula kuti Abba, Atate. Pempho langa ndi limodzi: muyambe mwaliwerenga nokha mpaka kumapeto. Mabuku ena otere amatamanda banja latsopano, makolo omubereka n'kuiwalika ngati sanakhaleko. Likakhala lotero lisiyeni, mayi wake wa mwanayu ayenera kutchulidwabe m'nyumbamo.

Mtsikana wa ku Makhanga: Ine ndinakulira kwa amalume. Nsapato ankandigulira ndithu, koma palibe anakhalapo nane pansi kundifunsa za amayi anga. Gulani, mayi. Koma musangomupatsa, muziwerengera limodzi madzulo, inu muzimasulira.

Bambo wa ku Ngabu: Za kapuzo zandikhudza, achemwali, sindinkadziwa. Komabe nsapato sindikubweza mawu. Tichite chonchi: nkhuku imodzi ndi yanga, nditumiza pa Mpamba. Akamaliza kuwerenga, bukulo lizungulire ana ena kumpingo, poti olera ana a abale tilipo ambiri.

Agogo a ku Nsanje: Ukafika pamene pali za khotipo umuuze kuti iwe sunafune kalata iliyonse, magazi ndi amodzi.

Mayi wa ku Nchalo: Zikomo nonse. Loweruka ndikwera minibasi yam'mawa. Ndikapempha wogulitsayo andilole kuona mutu womaliza ndi kujambula tsamba lija, aphunzitsi. Ndikalipeza likadalipo ndikuuzani ndisanatsike Thabwa.