Ndithandizeni: malensi akale a Jupiter pa kamera ya mirrorless

Akuluakulu ojambula zithunzi, ndigawireniko nzeru ndisanaononge katundu.

Mwezi watha ndinagula kamera ya mirrorless (yopanda kalilole mkati), Sony A7 III. Ndalama ya lensi yatsopano sinakwane, koma m'kabati muli malensi awiri a ku Soviet Union omwe malume anandisiyira pamodzi ndi kamera yawo ya Zorki 4: Jupiter-8 ya 50mm f/2 ndi Jupiter-12 ya 35mm f/2.8. Onse ndi omanga mopotokola, aja a M39.

Masamu owamangira pa kamera yatsopanoyi ndawamva. Malensiwa amafuna kutalikirana ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) mamilimita 28.8, pomwe kamerayi ili ndi 18 basi, ndiye adaputala (kachitsulo kolumikizira lensi ku kamera) imangodzaza mpata wotsalawo. Ndinagula yotchipa, ndipo Jupiter-8 ikujambula mosangalatsa, nkhope za ana zikutuluka zofewa bwino. Koma ndikapotokola fokasi mpaka kumapeto, mitengo yakutali imachita chimbuuzi mpaka ndibwezeko pang'ono. Kodi adaputalayo ndiye yachepa kunenepa?

Yondisowetsa tulo ndi Jupiter-12. Galasi lake lakumbuyo linatukuka ngati theka la dzira, lilibe chotchinga, ndipo limalowa mkati zedi. Dzulo ndinayamba kuimanga, dzanja lili njenjenje, ndinalekeza panjira. Alipo amene anaiyikapo pa kamera yotere osakanda galasi kapena kukhudza shatala (kachitseko kolowetsa kuwala pa sensa)? Nanga m'makona mwa chithunzi mumatuluka bwanji, poti kuwala kumafika pa sensa mopendekeka?

Chinanso, Jupiter-8 siigwira chinthu chapafupi kuposa mita imodzi. Adaputala ya helicoid, ija imatalika ukaipotokola, ingathandize, kapena ndingotaya ndalama?