Bambo akufuna kukakhala ku Swakopmund atapuma pa ntchito: tikayang'ane chiyani tisanavomere?

NaMbewe, Dedza Boma:
Bambo athu apuma pa ntchito ya uphunzitsi. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Walvis Bay, dziko la Namibia, akufuna kuwapezera nyumba ku Swakopmund kuti azikakhala kumeneko. Nkhawa yathu ndi yakuti munthu wozolowera kuzizira kwa kuno angathe bwanji m'chipululu. Amene mukukudziwa, tikapita kukayendera malowo tikayang'ane chiyani?

aMaseko, Ntcheu:
Achemwali, za kutentha musade nazo nkhawa kwambiri. Tauniyi ili m'chipululu cha Namib, koma m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ndipo madzi ozizira a m'nyanjayi, otchedwa Benguela, amachititsa kuti masiku ambiri kuzikhala pakati pa 15 ndi 25°C. Mvula pachaka chonse sikawirikawiri kupitirira 20 mm. Chimene chimasautsa ndi chifunga. Chimachokera kunyanja usiku, n'kukhalapo mpaka dzuwa litakwera, ngati chiperoni chosatha. Ngati bambo ali ndi mphumu kapena nyamakazi, ili ndiye funso lalikulu.

Musapite mu Disembala. Kumakhala kokongola, kodzaza alendo, nyumba n'kukwera mtengo, ndipo mudzanyengeka. Pitani mu Juni kapena Julaye mukakhale milungu itatu kapena inayi m'nyumba ya lendi. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumawomba mphepo ya kum'mawa yochokera m'chipululu: kutentha kumadutsa 35°C ndipo mchenga umalowa mpaka m'kabati. Poyendera nyumba, yang'anani mafelemu a mawindo, maloko ndi giza (thanki yotenthetsera madzi). Mpweya wa mchere umadya chitsulo, ndiye felemu ya aluminiyamu ndi yabwinopo. Sunthaninso kabati muone ngati khoma lachita nkhungu. Nyumba zotalikirako pang'ono ndi nyanja zimauma msanga.

aPhiri, Linthipe:
Ndiwonjezere za mapepala ndi ndalama, chifukwa ambiri amagwera apa. Ndi pasipoti ya Malawi mumalowa ngati mlendo kwa masiku osapitirira 90 pachaka. Kukhazikika kumafuna chilolezo cha unduna wa Home Affairs ku Windhoek, mtunda wa pafupifupi 360 km kuchokera ku Swakopmund, ndipo amafuna umboni woti munthu angadzisamalire yekha.

Penshoni ya bambo ndi ya makwacha, pomwe lendi, magetsi ndi mankhwala adzalipira m'madola a Namibia, amene mphamvu yake ndi yofanana ndi randi. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Choncho werengerani ngati kuti mlongo wanu ndiye adzalipira zonse, kenaka mufunsane kuti ntchito yake ikatha zidzatani. Funsaninso mtengo wa inshuwalansi ya chipatala ya munthu wopitirira zaka 60. Nyumba ndi munda wa ku Dedza musagulitse, chonde.

NaBanda, Lizulu:
Palibe watchula za khasu. Bambo wa ku Dedza amene wakhala akukumba mbatatesi ndi kuthirira kabichi kudimba sadzapeza zimenezo. Dothi ndi mchenga wa mchere, ndipo madzi ndi ogula. Amachokera pansi pa mitsinje ya Omaruru ndi Kuiseb, ena ku fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja ku Wlotzkasbaken. Pemphani mwini nyumba akuonetseni mabilu a madzi a miyezi ingapo. Masamba angadzale m'matumba kapena m'ndowa ndi dothi logula, basi. Ufa wa nsima ulipo m'masitolo, nsombanso n'zambiri.

Walvis Bay ili pa mtunda wa 35 km, ndiye funsani kuti masana bambo azidzacheza ndi ndani. Anthu amalankhula Chingerezi, Afrikaans, Oshiwambo ndi Chijeremani. Apite nawo ku tchalitchi Lamlungu lililonse la ulendowo, aone okha ngati angapeze anzawo.

Mukayenda pa galimoto, njira ndi ya Mchinji, Lusaka, Livingstone, Katima Mulilo, Rundu ndi Otjiwarongo. Kunyanjako malungo kulibe, koma ku Katima Mulilo ndi Rundu alipo, ndiye tengani neti yogonera panjira.