Lohri ya mwana wa Chisomo

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Apongozi akuti Lohri ndi pa 13 January, ndiye poti ndi yoyamba chibadwire mwanayu, akuchikazi nafenso tioneke. Mphatso akunyamuka pa 8, mtedza ndi zitenje abwere nazo kuno ku Leicester.

Amalume Yohane: Lohri nchiyaninso? Nza tchalitchi?

Chisomo: Ayi amalume, ndi mwambo wa kwawo ku Punjab, kumpoto kwa India. Mwezi umene amautcha Poh ukamatha, kuzizira kuli pachimake, amasonkha chimoto madzulo kutsanzikana ndi chisanu, poti masiku ayamba kutalika. Amazungulira motowo akuponyamo mtedza, mbuliwuli ndi chitowe, ng'oma ikulira. Tirigu amakhala adakali m'munda, amakolola mu April.

Azakhali: Mtedza kuponya pamoto?? Mu January muno, ife tikusowa ndi wotendera womwe?

Amalume Yohane: Ine K20,000 yanga ndinatumiza kale pa Mpamba.

Chisomo: Ndi wochepa azakhali, wambiri amagawira alendo. Pakhomo pakabadwa mwana kapena pakalowa mkwatibwi ndiye amachita zazikulu. Kale ankakondwerera kwambiri mwana wamwamuna, koma apongozi akuti mdzukulu ndi mdzukulu.

Tadala: Nanga ndiwo zake?

Chisomo: Useka. Mpiru wophika mpaka kufewa tepetepe, ndi chapati ya ufa wa chimanga 😂

Azakhali: Ndiye ulendo wonsewo kukadya mpiru. Wanga wathera nkhuku za aneba.

Tadala: Ndinakuuzani mumange mpanda.

Mphatso: Tibwerere pa nkhani chonde. Apereka ndi anthu 4 pa 11. Chikwama changa ndi 23kg basi, ndipo ndikufuna chalimbana wosenda, osati wamakoko.

Amalume Yohane: Ine ndinapereka kale. Tsiku lomwelo.

Azakhali: Tamva achimwene. Ena tili ndi fizi ndi feteleza wobereketsa mwezi womwewu.

Amalume Yohane: Pa chiliza cha amayi panalinso feteleza.

Tadala: Eeh.

Mphatso: A Limbani akungowerenga, nkhupakupa zabuluu ndikuziona. Abambo aang'ono ku Joni chiyambire Khirisimasi ali zii.

Chisomo: Musakangane chifukwa cha ine. Amene sangathe asiye, ndionjezera.

Azakhali: Ayi, tingachite manyazi kwa eni ake. Ndipereka Lachisanu. Koma zitenje ndikasankha ndekha ku Limbe, zija za pa chinkhoswe tonse tinaziona.

Amalume Yohane: Mphatso, lemba maina a amene apereka. Langa likhale pamwamba.