Mwana wa shuga akupuma mozama, pampu tilibe

Nesi wa usiku, Salima: Anzanga thandizeni msanga. Ndili ndi mtsikana wa zaka 12, makilo 30, wodziwika kale wa shuga amabaya insulin. Akusanza chiyambire dzulo, akupuma mozama heve, mkamwa gwaa, glucometer (kachipangizo koyezera shuga) yangolemba HI kusonyeza kuti shuga wakwera kopyola muyeso, mumkodzo ketones (asidi amene amachuluka thupi likasowa insulin) 3+. Ambulansi ndi mpaka m'mawa, pampu yolowetsera insulin pamsempha pang'onopang'ono tilibe. Ndimubaye insulin pamsempha pompano?

CO (clinical officer) wa ku wodi ya ana: Ayi asisi, insulin idikire kaye, ndipo ya pamsempha yakamodzi ija iyayi kwa mwana. Yambani ndi madzi, normal saline 10 ml pa kilo, ndiye 300 ml kwa ola limodzi. Ikatha musatsegule diripi yonse chifukwa cha mantha, madzi otsalawo alowe pang'onopang'ono kwa maola 48, kwa iyeyu ndi pafupifupi 110 ml pa ola, ngati giving set (chubu cha diripi) yanu ndi ya madontho 20 pa ml werengani madontho 37 pa mineti. Ola likakwana chiyambire madzi mupatseni insulin ya soluble 0.1 unit pa kilo, ndiye ma unit 3, pamnofu, maola awiri aliwonse. MRDT yoyezera malungo mwapanga? Kunyanja kuno malungo ndi amene amakonda kuyambitsa zimenezi.

Nesi wa usiku: MRDT negative achimwene. Mayi ake akuti anamusiyitsa jakisoni poti sakudya, amaopa kuti shuga atsika.

Sista wamkulu: Vuto lathu lenileni ndi limenelo, timawaphunzitsa kubaya koma sitiwauza kuti mwana akadwala insulin sasiya olo asadye nsima. Zimenezo mukambirana m'mawa. Panopa potassium mwana wanga, insulin ikayamba mchere wa potassium umatsika m'magazi ndipo mtima utha kusokonekera, akangokodza ikani KCl (potassium wa mu diripi) 40 mmol mu lita imodzi. Bicarbonate musayerekeze.

Nesi wa usiku: KCl mulibe mu kabati amayi

Sista wamkulu: Kusanza kukaleka azimwa ORS pang'onopang'ono, muli potassium ndithu olo ndi wochepa, ndipo mulembe pa kalata yomutumizira kuti KCl sanalandire.

CO wa ku wodi ya ana: Shuga yezani ola lililonse, akatsika kufika pa 14 mpaka 17 mmol/L musasiye insulin poganiza kuti wachira, onjezani dextrose 5% mu diripi chifukwa chomwe tikulimbana nacho ndi ma ketones osati nambala yapa glucometer. Koma chondiopsa ine ndi ubongo kutupa. Akadandaula mutu, akayamba kusokonezeka kapena kuwodzera modabwitsa, pulse kutsika BP nkumakwera, kwezani mutu wa bedi, chepetsani madzi, mannitol (mankhwala ochepetsa kutupa kwa ubongo) 0.5 mpaka 1 g pa kilo ngati ilipo, muimbire a chipatala cha district nthawi yomweyo mwina afunika KCH (Kamuzu Central Hospital).

Sista wamkulu: Muwafunsenso mayiwo komwe amasunga botolo la insulin, kutentha kwa Okutobala kuno insulin imatha mphamvu. Ngati filiji alibe aziika mumtsuko wadothi pamthunzi.

Nesi wa usiku: Akuti limakhala pawindo. 300 ml yatha, wakodza, ndikukoka ma unit atatuwo.