Mbumba ya Agogo aNabanda: za chigwembe cha kumanda

Loweruka m'mawa

Mayi a Tamanda: Mwadzuka bwanji nonse. Taonani zithunzi wajambula Yamikani kumanda m'mawa uno. Chigwembe chotsika kuphiri chija chatsala pang'ono kufika pa chiliza cha amayi. Mvula ya chizimalupsa ya Lachitatu yokhayi yagumula mbali ina, ndipo msuku unali m'mphepete uja wagwera mkati ndi mizu yomwe. Nanga ikadzabwera mvula yeniyeni?

Malume Wyson: Ndaona achemwali. Mtima wanga wasweka. Pamenepo tili ana timadutsa ndi mbuzi osadziwa n'komwe kuti pali ngalande.

Tiyamike UK: Mayo ine. Kodi n'chakuya bwanji mayi aakulu?

Mayi a Tamanda: Yamikani akaima mkati saoneka mutu, mwanawe. Chinayamba kukula ndi Freddy uja mu Malichi 2023, ndiye chaka chilichonse chikungodya nthaka.

Chisomo Joni: Apa tisachedwe. Tisonkhe ndalama tigule simenti, amange khoma kuteteza chiliza. Ine nditumiza yanga mwezi ukatha.

Malume Wyson: Chisomo, maganizo ako ndi abwino koma madziwo akuchokera kumtunda. Ukamanga khoma pansi, adzakumba kunsi kwake n'kuligwetsera pa manda pomwepo. Phiri lija latsala mbee, dontho lililonse likagwa likuthamangira kumudzi ndi dothi.

Dalitso Bangwe: Malume akunena zoona. Ku Chilobwe ndinakafikako matope atangotsika m'phiri la Soche. Nyumba za njerwa ndi simenti zinakokoloka limodzi ndi miyala ikuluikulu. Anthu anali atadula mitengo ndi kumanga mpaka kumtunda. Ndipo kwathu komwe kuno ku Chiradzulu mukukumbukira za kwa Ntauchira. Dziko lonse anthu oposa 600 anatisiya, ena mpaka lero sanapezeke. Ndikaona zithunzi izi ndikuganiza za nyumba ya mayi aakulu ndi ya azakhali a Yamikani, poti zili m'njira ya madzi omwewo.

Esinta Zomba: Pepani ndinali ku msika. Ndawerenga zonse. Kusukulu kwathu tinali ndi chigwembe chonga chomwechi kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo alangizi a zaulimi anationetsa kachitidwe kake. Sitinachikwirire ayi. Tinaunjika miyala mopingasa mkati mwake, malo angapo motalikirana kuyambira kumutu, kuti madzi azifika atafooka n'kusiya dothi pamenepo. M'mbali tinadzala udzu wa vetiva ndi nsungwi. Pano pansi pake pakumera udzu. Koma anatiuza kuti popanda kukonza kumtunda, miyalayo idzangokokoloka.

Chisomo Joni: Ndiye tidzale bulugama phiri lonse. Amakula msanga, zaka zochepa tizidula mapolo.

Mayi a Tamanda: Bulugama ayi mwanangu. Amene anadzala aneba kumtunda kwa dimba uja anaumitsa kasupe wathu. Kale timatunga chaka chonse, pano ukafika Ogasiti tayamba kale ulendo wa ku mjigo wa kusukulu.

Esinta Zomba: Achimwene, bulugama ali ndi malo ake, kutali ndi madzi ndi munda. Kumtsinje kukufunika mbawa ndi katope. Potsetsereka tiike keshya ndi mthethe, m'munda msangu, chifukwa umagwetsa masamba nthawi ya dzinja ndipo chimanga sichivutika ndi mthunzi. Koma chachangu kuposa zonsezi ndi zitsa zimene zilipo kale. Chitsa cha mombo kapena msuku mizu yake ili pansi kale. Ukadulira ziphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zimakula kuposa mbande ya m'chubu, ndipo sizifuna kuthirira.

Alamu a Kondwani: Pepani alamu anga, ine ndine mkamwini, mwina sindiyenera kuyamba ndine. Koma zitsa zikunenedwazo sizikhalitsa. Ndinabwera mwezi watha, ndinapeza maenje phiri lonse. Anthu akuzula zitsa kuotcha makala. Ndipo uvuni wina ndinauona m'malire mwathu momwe.

Loweruka masana

Malume Wyson: Gulu lakhala chete chifukwa tonse tikudziwa. Yamikani, uli pompano. Tiuze wekha, palibe akukuweruza.

Yamikani: Malume, uvuniwo ndi wanga. Sindibisa. Chaka chino chimanga chinatha mu Julayi. Tamanda amafunika fizi, feteleza sitinagule. Ganyu kuno kulibe kufikira nthawi yolima. Mitengo ikuluikulu inatha kale, ndiye timakumba zitsa. Chitsa chimodzi umalimbana nacho dzuwa lonse ndi khasu ndi nkhwangwa, manja kuchita matuza. Ukaotcha, ukwere njinga usiku kupita ku Limbe, uli ndi mantha kuti akulanda panjira. Si ntchito yoti munthu angaikonde.

Mayi a Tamanda: Ndipo ndinene ine amake. Mwana ameneyu ndi amene akutidyetsa pakhomo pano. Makala akewo sitiphikira ife, ife timatola zinyatsi ndi mapesi. Amapita m'tauni kwa inu komweko. Komanso Chisomo, njerwa za nyumba yako zija zinapsa ndi mango awiri a agogo ako ndi mkuyu wa kudambo. Tisaloze mmodzi.

Chisomo Joni: Mayi aakulu, ine ndinatumiza ndalama ya njerwa, sindinatume munthu kudula mango a agogo.

Mayi a Tamanda: Nanga njerwa zimapsa ndi chiyani?

Malume Wyson: Basi, zimenezo zaima pomwepo. Achemwali mwanena, Chisomo wamva.

Dalitso Bangwe: Za m'tauni mayi aakulu sakunama. Kuno ku Bangwe pafupifupi khomo lililonse pali mbaula ya makala, ngakhale nyumba zamagetsi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 magetsi amazima tsiku lonse, ndipo anthu ambiri amene anabwerera ku makala nthawi imeneyo sanasiyenso. Matumba ochuluka amalowa kudzera ku Zalewa kuchokera ku Neno ndi Mwanza. Ndiye dothi la kumeneko likakokolokera mu Shire, makina opangira magetsi a mu mtsinjewo amavutika ndi matope ndi zinyalala, magetsi n'kuzimanso, ife n'kugulanso makala.

Esinta Zomba: China chimene chikundidetsa nkhawa, Yamikani, lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020. Kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chilolezo anthu akumangidwa nazo. Ukagwidwa, mayi aakulu atsala ndi ndani?

Yamikani: Ndikudziwa achemwali. Koma mukandiuza kuti ndisiye, mundiuzenso kuti tidya chiyani. Ndipo ndikasiya ine, ena abwera kudzazula zomwezo usiku.

Tiyamike UK: Ine ndili ndi ganizo. Chaka chilichonse timamva kuti kwadzalidwa mitengo yambirimbiri, koma ukapita pamalopo pakatha chaka umapeza machubu okhaokha, mbuzi ndi moto zinamaliza. Kudzala tidzadzala tsiku limodzi tonse, koma wosamalira ndani? Bwanji ndalama imene Yamikani amapeza pa makala tizimupatsa ife mwezi ndi mwezi, ntchito yake ikhale phirilo? Kudulira ziphukira, kulambula njira yotchinga moto, kuyang'anira mbande. Iye ndi amene akudziwa chitsa chilichonse pamene chili.

Alamu a Kondwani: Apo mwalasa alamu.

Chisomo Joni: Mpaka liti? Tisalonjeze zinthu zoti pofika Epulo gulu lidzakhala zii. Ya chiliza ija tinatsala anthu atatu okha osonkha.

Malume Wyson: Funso la Chisomo n'lofunika. Tinene zaka ziwiri, kenako tidzakhale pansi. Pofika pamenepo zodulira zokha zidzakhala zikupereka nkhuni za pakhomo. Yamikani, pa mwezi wabwino makala amakupatsa zingati? Usachepetse chifukwa cha manyazi, usaonjezenso.

Yamikani: Ndikuimbirani malume, ndinene pa foni.

Malume Wyson: Chabwino mphwanga.

Lamulungu madzulo

Malume Wyson: Ndayankhula ndi Yamikani titaweruka ku tchalitchi. Tagwirizana K60,000 pa mwezi. Uvuni umene uli pamoto pano aufukule agulitse, ukhale womaliza. Amene tili pa ntchito tilipo asanu ndi mmodzi, ndiye aliyense K10,000 pa mwezi. Wotha kuonjeza aonjeze.

Tiyamike UK: Ine ndizipereka K20,000, ndipo fizi ya Tamanda teremu ikubwerayi ndi yanga. Tisamusiye mwana pakati.

Mayi a Tamanda: Mulungu akudalitse mwana wa mng'ono wanga. Ndilibe mawu.

Dalitso Bangwe: Yanga izibwera pa 28 ndikalandira. Ndipo ndagula kale Chitetezo mbaula ziwiri, ya mayi aakulu ndi ya azakhali, ndidzabwera nazo. Imadya nkhuni zochepa, ngakhale zitsononkho ndi tinthambi ta nandolo imayaka bwino.

Mayi a Tamanda: Ya dothi ija? Ndinaiona kwa amayi a mvano. Bola ikhale yokwana mphika wa nsima ya anthu asanu ndi awiri.

Dalitso Bangwe: Ndasankha yaikulu mayi.

Esinta Zomba: Pali nkhani ina imene sitinaikhudze. Phirilo si lathu tokha. Ife tikasamala chigawo chathu, anyamata osaka mbewa akayatsa tchire mbali ya kwa aneba mu Seputembala, moto sudzafunsa malire. Mbuzinso akazimasula anthu atakolola zimayenda paliponse. Pakufunika amfumu aitane mudzi. Kuli midzi imene inakhazikitsa nkhalango ya mudzi ndi komiti yake, ndi malamulo oti woyatsa moto kapena wodula popanda chilolezo alipe nkhuku kapena mbuzi. Mlangizi wa zankhalango amathandiza kulemba malamulowo.

Malume Wyson: Kwa amfumu ndipita ndekha, imeneyo ndi ntchito ya mwini mbumba. Ndiyeneranso kukapempha chilolezo chogwira ntchito kumanda, sitingangolowa ndi makasu ngati kumunda. Adzukulu akhalepo. Ndipo ndikawakumbutsa amfumu kuti m'mudzi monse mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, chifukwa kumeneko anthu amaopa kudula. Chigwembe chikadutsa pamenepo sichitenga amayi okha, makolo a mudzi wonse agona pomwepo. Ndikhulupirira adzamva.

Alamu a Kondwani: Malume, mukapita mutenge nkhuku. Ndigula ine.

Malume Wyson: Zikomo alamu. Ndifika Lachisanu pa basi ya m'mawa, ndigona masiku angapo.

Chisomo Joni: Ine za mitengo ndavomera ndipo K10,000 ndizitumiza pa Mukuru. Koma mtima wanga sukukhazikika. Mitengo imatenga zaka, mvula ikubwera mwezi wamawa. Chiliza cha agogo chikagwa chaka chino tidzati chiyani?

Esinta Zomba: N'chifukwa chake miyala iyambe pompano, isadikire Khirisimasi. Kumutu kwa chigwembe ndi pafupi ndi manda ndiye poyambira. Pamene pagumukapo pakufunika miyala yomangidwa mu waya kuti isasunthe. Ngati ndalama ya simenti ija ilipobe achimwene, igule waya ndi kulipira ngolo yotuta miyala.

Chisomo Joni: Ilipo. Yamikani afunse mtengo wa ngolo andiuze. Njerwa zotsala za nyumba ndiona kaye mtengo wa mabuloko a simenti, sindikulonjeza lero.

Yamikani: Ngolo ndifunsa mawa achimwene. Miyala ilipo yambiri imene inatsika ndi Freddy, ili mbwee kumunsi kwa munda. Ndipeza anyamata anayi, koma adzafuna chakudya cha masana.

Mayi a Tamanda: Chakudya ndiphika ine, mungonditumizira ya ufa ndi nyemba. Thobwa ndiye musadandaule.

Tiyamike UK: Nanga mbande? Kufesa pano si tachedwa?

Esinta Zomba: Za chaka chino tachedwa, nazale imafunika kuyamba nthawi ya Ogasiti. Tigula zofesa kale. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma tisadikire kumapeto, mbande imafuna ipeze mvula yambiri isanakumane ndi chilimwe. Ndifunsa ku ofesi ya zankhalango pa boma ndi kwa anthu a nazale kuno ku Zomba. Ndikuganiza 300 zikwana. Tisatenge zoti Yamikani alephere kuzisamala. Vetiva ndikapempha kusukulu, timagawa mapesi ake ulere.

Mayi a Tamanda: Muikemo ndi mango ndi mapeyala. Ana a masiku ano akukula osadziwa kuthyola chipatso pakhomo.

Esinta Zomba: Ndalemba mayi. Mango ndifuna omezanitsa, amabereka msanga.

Malume Wyson: Tsono timange chimodzi. Miyala iyamba sabata ikubwerayi ndikangochoka kwa amfumu. Kudzala ndi pa 27 ndi 28 Disembala, aliyense amene adzakhale kumudzi pa Khirisimasi asathawe pa 26. Ana onse abwere ndi makasu, maenje akumbidwe Khirisimasi isanafike. Msungichuma ndi Esinta, ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo tsiku loyamba la mwezi aziika pano amene wapereka ndi zimene zagulidwa. Yamikani, iwe zithunzi Loweruka lililonse, ziphukira ndi chigwembe chomwe.

Yamikani: Ndamva malume. Bandulo yokha muzindikumbukira.

Dalitso Bangwe: Bandulo ndi yanga. Ine ndi ana tifika pa 24, ndibwera ndi wilibala ya kuno.

Tiyamike UK: Tchuthi cha Disembala sanandipatse, ndigwira usiku sabata imeneyo. Mudzandiimbire pa vidiyo muli kuphiri. Esinta, nditumizire nambala ku inbox.

Esinta Zomba: Ndatumiza. Alamu a Kondwani, galimoto ya mbande tidalire yanu pa 22?

Alamu a Kondwani: Pa 22 ndili pa ntchito mpaka masana. Tinyamuke ku Zomba 2 koloko, mbande muzithirire m'mawa zisafote panjira.

Esinta Zomba: Chabwino, ndikhala nditazisonkhanitsa pamodzi pofika 1 koloko.